Tsiku Limene Ndinataya Nyemba za Agogo Anu

Ikani kaye mafoni anuwo pansi, ana inu. Wongani, ndakuona, waibisa pansi pa ntchafu ngati kuti ine sindinakhalepo mwana. Musaope, lero sindikuinyoza foniyo. Ndikufuna kuiyamikira, chinthu chimene simunandimvepo ndikuchita, ndiye mumvetsere bwino chifukwa nkhaniyi imandichititsa manyazi ndipo sindikonda kuibwereza.

Mumandidziwa ngati nkhalamba yolongolola za mapulasitiki. Ndikuvomera, koma mudziwe kumene ndinachokera. Kwathu ku Ntchisi botolo linali chuma. M'nyumba mwathu munali limodzi lokha, lagalasi, lobiriwira, la palafini, ndipo amene watumidwa nalo ku golosale ankaligwira ndi manja awiri njira yonse. Tsiku limene mkulu wanga analiswa, anakagona kwa amalume masiku atatu. Chitini cha mkaka chikatha chinkasanduka koloboyi, kanyale kathu kofuka utsi kaja. Thumba la feteleza linkasanduka chikwama cha kusukulu. Tayala lotha tinkadulamo nsapato, mpira wam'kati n'kupangira malegeni. Padzala pathu pankapita makoko a chimanga ndi zinyalala za pabwalo basi, ndipo nazonso zikawola zinkabwerera kumunda.

Ku Lilongwe kuno ndinabwera pamwamba pa lole ya fodya, nditakhala pa mabelo, maso atafiira ndi fumbi. Ndinaphunzira ntchito yokhoma malata ku Mchesi, kwa mdala wina waukali amene ankakumenya ndi mawu mpaka nyundo uigwire bwino. Tinkatola migolo yotha, malata ochita dzimbiri, zitini zotayidwa, n'kupanga mbaula, ndowa, mapoto ndi makoloboyi. Ndowa yanga ikabooka patapita zaka, mwini wake ankabwera nayo, ine n'kuimata, iye n'kupita nayo kukatunganso madzi. Kenako kunabwera ndowa za pulasitiki, zowala, zopepuka, zotchipa. Zija zikasweka palibe mmisiri amene angazidzutse, zimangokagona mumtsinje. Inu mukamawoloka mlatho popita m'tauni mumaona majumbo atakolekera m'mabango n'kumaganiza kuti mtsinje unalengedwa choncho. Ine ndinauona uli woyera, amayi akuchapamo.

Chaka china kunabwera anthu ovala malaya ofanana, kutiuza kuti tizisiyanitsa zinyalala: mapulasitiki paokha, zowola pazokha, magalasi paokha. Ndinasangalala kwabasi, ndinati tsopano tauni yayamba kuganiza. Ndinakonza matumba atatu, ndinalembapo ndi penti. Ndinakangana ndi aliyense m'nyumba muno amene waponya khoko la nthochi m'thumba lolakwika. Tsiku lotenga zinyalala litafika, anyamata a ngolo anakhuthulira matumba onse atatu pamodzi ine ndikuona, n'kundibwezera matumba anga mwaulemu. Ndinakhala pakhonde pano tsiku lonse.

Tsopano za agogo anu aakazi, a Nyagondwe. Inu aang'ono mumangowakumbukira atakalamba, koma ine ndinawaona koyamba ali mtsikana wochokera ku Rumphi, akukhala kwa amalume awo ku Kawale kuno, Chichewa chawo chikupunthwapunthwa. Anabwera ku Mchesi ndi poto wothyoka chogwirira. Ndinamukonza. Patapita sabata anabweranso naye, chogwirira chatayanso. Ulendo wachitatu ndinayang'anitsitsa misomali ija ndipo ndinaona kuti siinathyoke yokha, inachita kuzulidwa. Chisomo, usaseke, iwenso masiku ako akubwera. Iwo mpaka kumwalira kwawo ankakana, ankati ntchito yanga ndiyo inali yosalimba.

Titapita kwawo kukamanga ukwati, ulendo wa basi wa masiku awiri pamsewu wafumbi, apongozi anga anawapatsa kansalu komanga mfundo. Munali nyemba. Iwo ankazitcha nchunga za amama. Ndi nyemba zazing'ono, zofiira, zamawangamawanga oyera, zoyanga, ndipo sizichedwa kupsa. Msuzi wake ndi wokhuthala moti sufuna tomato wambiri. Chaka chilichonse a Nyagondwe ankazidzala kuseri kwa nyumba ino, pakati pa bafa ndi mpanda, pamalo pamene simungaimikepo ngakhale galimoto imodzi. Zikauma ankayamba asankha za mbewu, zodya pambuyo. Za mbewuzo ankaziyanika mpaka ziume gwa, n'kuzisakaniza ndi phulusa losefa kuti anankafumbwe asalowe, n'kuzitsekera m'botolo. Umu ndi mmene makolo athu ankasungira mbewu, kumpoto ngakhale kwathu ku Ntchisi. Amayi anga nawonso ankatero.

Apongozi anamwalira. Patapita zaka tinapitanso ku Rumphi ku maliro a alamu anga, ndipo a Nyagondwe anafunsa nyumba ndi nyumba ngati alipo amene akadali ndi nchunga zija. Panalibe. Anthu anali atasinthira ku mbewu zogula. Pobwerera m'basi anandiuza motsitsa mawu kuti ndiye kuti za amayi awo zangotsala ku Kawale basi. Kuyambira pamenepo sankapatsa munthu ngakhale njere imodzi ya mbewu. Zophika ankagawa ndi mtima wonse, koma za m'botolo ayi, ngakhale abusa akanapempha.

Koma mayi amene uja anali ndi vuto lake, ndipo ndilinena ngakhale anapita. Sankataya kanthu. Mabotolo a mafuta ophikira, mabotolo a zakumwa, zitini za majarini, majumbo opindidwa bwinobwino pansi pa matiresi. Kachipinda kosungiramo katundu kaja kanadzadza mpaka chitseko chinkatseguka theka. Ndikadandaula ankandifunsa kuti kodi si ine ndemwe amene ndimalalikira kuti zinthu zisamatayidwe. Ndinkayankha kuti ine ndimanena za malata ndi magalasi, zinthu zaulemu, osati zinyalala za pulasitikizi. Mkangano umenewo tinakhala nawo zaka zambiri ndipo sunapeze wopambana.

Foni ya tachi inabwera m'nyumba muno ndi azakhali anu a Tiwonge. Ndinaida tsiku loyamba lomwe. Zala zanga ndi zolimba ndi nyundo, ndikadina siinkamva, ndikadina mwamphamvu inkatsegula zinthu zimene sindinaitume. Lero ikuti yadzadza, pamene ine sindinaikemo kanthu. Mawa ikuti dikirani ndidzikonze kaye, n'kuzima yokha, ikadzuka zonse zasuntha malo. Nyundo yanga sinandiuzepo kuti dikirani. A Tiwonge anandilowetsanso m'gulu la pafoni la anthu a m'dera lathu lino, mmene anthu akuluakulu, ena madikoni, amatumizirana zithunzi za maluwa m'mawa uliwonse. Ndinakhalamo chaka chathunthu osanenapo liwu limodzi.

Ndinkati zonsezi n'zaulesi. Ife kale uthenga unkayenda ndi miyendo. Ndikukumbukira ndikupalasa njinga kuchoka ku Kawale mpaka ku Area 25 kukanena za maliro, dzuwa likuswa mtengo, n'kupeza munthuyo wapita ku Kauma. Ndinamutsatira ku Kauma, n'kumva kuti wangonyamuka kumene. Ndinabwerera madzulo uthenga ukadali m'kamwa mwanga. Ndinkanyadira zimenezo ngati kuti kuvutika ndi nzeru.

Tsiku limene ndikunenalo linali Loweruka, mwezi wa Novembala, mitambo itayamba kusonkhana. Chaka chapitacho mvula inadula pakati, nyemba sizinabereke, ndipo a Nyagondwe anangopeza mbewu yosadzadza n'komwe botolo. Sitinadyeko ngakhale kamodzi. M'mawa umenewo ananyamuka kupita ku Area 25 kukathandiza kuphika pa ukwati wa mwana wa mnzawo wa kutchalitchi. Potuluka anandiuza kuti Lolemba ndiwathandize kugaula kuseri, mvula yayandikira.

Loweruka langa mumalidziwa. Kale linali lopita kubwalo la mpira, wailesi pakhutu, kukuwa mpaka mawu kutha. Maondo atayamba kukana, linasanduka la bawo pansi pa mtengo wa mango pafupi ndi msika, ndi madala anzanga amene amabera kusuntha njere ukangoyang'ana kumbali. Ndikukonzeka kupita kumeneko ndinamva mawu mumsewu, bambo wa njinga yofiira amene amatola mabotolo akuitana. Mtima unandiuza kuti mpata ndi uwu, mwini wake kulibe. Ndinamuitana, ndinatsegula kachipinda kaja, ndinayamba kuponya m'matumba ake chilichonse chimene dzanja lagwira. Ndinagwira ntchito mwachangu ngati wakuba, ndipo kunena zoona ndinali wakuba. Bamboyo anamanga matumba awiri odzadza panjinga, anathokoza, napita. Ndinasesa m'kachipindamo, ndinaima pakhomo n'kudziyamikira.

Ndikumanga zingwe za nsapato, dzanja langa linakumbukira chinthu chimene mutu sunasamale. Botolo limodzi linali lolemera. Linali lotuwa m'kati, ndipo ndinaganiza kuti ndi dothi kapena simenti yotsala. Botolo lagalasi limene ankasungiramo mbewu zaka zonse linali litang'aluka miyezi ingapo m'mbuyomo, ndipo ndinakumbukira kuti anandiuza kuti asamutsira m'lapulasitiki, ine ndikuyankha kuti eya maso ali pa nyuzipepala. Ndinathamangira kuchipinda, ndinayang'ana pansi pa bedi, pamwamba pa kabati, kukhitchini. Kunalibe. Ana inu, ndakhalapo ndi mantha pa moyo wanga, koma osati ngati tsiku limenelo. Ine mwana wa mlimi, amene ndinkasefera amayi anga phulusa, ndinaona phulusa m'botolo n'kuliyesa zinyalala.

Ndinatuluka kuthamangira mbali imene njinga inalowera, koma Kawale ili ndi tinjira tambirimbiri ndipo miyendo yanga ndi iwiri, yokalamba. Ndinafunsa pa okala, ndinafunsa amayi ogulitsa makala, aliyense ankaloza kwake. Ndinadziwa kumene mabotolo aja amathera. Amagulidwa ndi amayi a thobwa ndi a madzi ozizira, amene amakhuthula zam'kati, kutsuka, n'kuthiramo malonda awo. Nyembazo zikanathera mu ngalande kapena mu mphika tsiku lomwelo.

Ndinaima pansi pa mthunzi wa mpanda wina n'kuimbira a Tiwonge, amene anali kuntchito. Anandimvetsera, kenako anati palibe njira ina, nditumize uthenga wa mawu m'gulu lija. Ndinakana. Ndinati Kawale yense adziwe kuti ndine chitsiru? Anandifunsa kuti chimene ndikufuna kusunga n'chiti, ulemu wanga kapena nyemba za amayi awo. Anandiuza podina ndi pogwiritsa. Ndinagwira kachizindikiro kaja ndi chala n'kunena kuti:

"Ndine bambo a Tiwonge a ku Kawale, amene ndinkakhoma mbaula ku Mchesi. Ndalakwitsa. Ndapereka mabotolo kwa bambo wa njinga yofiira, ndipo m'botolo limodzi muli nyemba zosakaniza ndi phulusa. Si zodya, ndi mbewu ya akazi anga, ya amayi awo, ndipo kwina kulikonse kulibenso. Amene mwamuona bamboyo, chonde ndithandizeni."

Sindinaibweze n'komwe m'thumba, foni inayamba kunjenjemera ngati yagwidwa ndi malungo. Anthu a maluwa aja, amene ndinkawanyoza, anadzuka onse. Wina anati watumiza ku gulu la kutchalitchi kwawo, wina ku gulu la akabaza, wina ku gulu la amayi a pamsika. Ndiye kunabwera mawu a mwana wa neba wathu amene ali ku Joni. Ku Joni, ana inu. Anati wamva uthenga wanga, waimbira amayi ake aang'ono a ku Biwi, ndipo iwo aiona njinga yofiira ikudutsa kulowera ku Mchesi. Ndinakhala pansi pamwala. Mawu anga, amene ndinanena nditatsamira mpanda wa munthu ku Kawale, anawoloka maiko, nabwerera ndi yankho thukuta lisanaume pamphumi panga. Mpaka lero sindimvetsa kuti amadutsa pati.

Ku Mchesi uthengawo unapeza mmisiri wina wowotcherera zitsulo amene ndinamuphunzitsa ntchito kalekale, pano ndi bambo wa imvi zake. Anasiya ntchito, anazungulira msika, anampeza wa njinga uja akumwa tiyi, n'kunditumizira chithunzi chake. Matumba anali opanda kanthu. Anali atagulitsa mabotolo onse kwa mayi wina wa thobwa wa ku Chinsapo, amene anthu amamutchula kuti mayi a Dalitso, ndipo mayiyo anali atakwera kale minibasi. Wa njingayo nambala ya mayiyo anali nayo. Tinaimba, tinaimbanso, foni yake inali yozima. Mmisiri uja anatumiza dzina la mayiyo m'magulu muja kufunsa amene akumudziwa.

Ndinakwera kabaza mpaka kudepoti, ndinalowa mu minibasi ya ku Chinsapo. Mukudziwa mmene zimakhalira, siinyamuka mpaka munthu womaliza apanikizidwe pachitseko. Ndili chikhalire, ndinamva mawu odziwika kumbuyo kwanga. Anali anga. Mayi wina ankawaseweretsa pafoni yake kuti anzake amve, ndipo basi yonse inayamba kuweruza mlandu. Wina anati amuna onse ndi choncho, akangotsala okha pakhomo amawononga. Wina anati mdala ameneyo lero akagone kutchalitchi. Anaseka, ine nditawerama ngati ndikuyang'ana nsapato. Koma mayi wina wachikulire anati asaseke, mbewu yakale ikatayika siibweranso. Apo ndinalephera kupirira. Ndinatembenuka n'kunena kuti mdala wakeyo ndine.

Kondakitala anandiyang'ana, anayang'ana dalaivala, ndipo dalaivala analiza injini. Tinanyamuka mipando iwiri ili yopanda anthu. Ndakhala mu Lilongwe zaka zonsezi, chimenecho ndinachiona kamodzi kokha.

Tili m'njira, mayi wina wa ku Chinsapo amene sindimudziwa, ndipo sindinakumane naye mpaka lero, anayankha kuti mayi a Dalitso amawadziwa, koma iye ali kuchipatala ndi mwana, sangapiteko. Anatumiza kanthu kooneka ngati mapu. Ndinaimbiranso a Tiwonge, ndipo anati, "Ababa, dinani pamenepo. Kofiirako ndi nyumba yake. Kadontho kabuluuko ndi inuyo. Muzingoyenda mpaka ziwirizo zikumane."

Nditatsika ndinayesa. Ndikaponda kutsogolo, kadontho kankasuntha. Ndikaima, kankaima. Ndinakhota dala njira yolakwika kuti ndikayese, ndipo kanakhota nane. Ndinkaona madenga a Chinsapo kuchokera kumwamba monga amaonera khwangwala, tinjira tonse, ngakhale bwalo la mpira, ndipo pakati pa zonsezo panali ine, nkhalamba yotaya nyemba, ndikuyenda. Ndinayang'ana kuthambo kuti ndione amene akundiona, kunali mitambo yokha. Ndinachita mantha ndi chimwemwe nthawi imodzi. Ndinakumbukira tsiku la njinga lija, Area 25 ndi Kauma, ndipo ndinadzimvera chisoni.

Madontho awiri aja anakumana pa kanyumba ka zidina, kopanda mpanda weniweni. Pabwalo panali mayi wochepa thupi, atawerama pa beseni la thovu, mulu wa mabotolo uli pambali. Otsuka kale anali atawazondotsa pa timitengo kuti aume. Ndinawadziwa, anali athu. Ndinayenda nawo ndi maso limodzilimodzi mpaka ndinaliona, chifukwa linali ndi kachingwe ka chitenje cha a Nyagondwe pakhosi, kachingwe kamene m'mawa sindinakaone. Linali loyera mbee, madzi akudontha. Munalibe kanthu.

Ndinangogwira mutu. Mayiyo anathamanga ndi kampando, anandikhazika, anandipatsa madzi, akundifunsa ngati ndadwala. Uthenga wanga sanaumve, magetsi kwawo anali atazima kuyambira dzulo lake ndipo kafoni kake kanali katatha moto. Tauni yonse inkadziwa nkhani yanga kupatula munthu mmodzi amene ndinkamufuna. Ndinafotokoza movutika, ndikuloza botolo lija. Anapukuta manja pachitenje, analowa m'nyumba, n'kutuluka ndi lichero. Nyemba zinali momwemo, ndi phulusa lake lomwe.

"Nditaona phulusa ndinadziwa kuti ndi mbewu, agogo," anatero. "Ndiwo lero m'nyumba muno mulibe, ndipo ana anandiuza kuti tiphike. Koma munthu amene wathira phulusa ndiye kuti akudikira mvula. Ndimati Lolemba ndikamufunse wa njinga uja kumene anazitenga."

Ndinalira, ana inu, pamaso pa mayi wachilendo ndi ana ake. Foni inandifikitsa pakhomo pake, ndipo ndimaigonjera pa chimenecho. Koma pakhomopo ndinapeza mayi a Dalitso, kwawo ku Mchinji, amene anakumbukira zimene amayi ake anamuphunzitsa, zimene ine ndinaziiwala chifukwa chokhalitsa m'tauni ndi kudzimva wanzeru. Ndinapita pamsika wapafupi kukawagulira ndiwo, anakana kawiri, kachitatu analandira.

Ndinafika kuno dzuwa litapendeka. A Nyagondwe anali pakhonde pano, pamene wakhala Chisomo, akadali ndi chitenje chophikira. Uthenga wanga unawapeza pa ukwati, mafoni a amayi atatu akuulira nthawi imodzi pafupi ndi miphika, ndipo anasiya mthiko m'manja mwa wina n'kubwera. Ndinaika nyemba patsogolo pawo. Ndinali nditakonza mawu opepesa njira yonse, koma sanandiyang'ane. Analowetsa dzanja m'nyembamo, anazifumbata, anazisiya kuti zidutse m'zala. Kenako anati, "Bambo a Tiwonge, wolakwa si inu nokha. Zaka zonsezi ndasunga amama m'botolo limodzi, m'nyumba imodzi, momwe mulinso mwamuna ngati inu."

M'mawa mwake titaweruka kutchalitchi ananditenga, ine kutsogolo ndi kadontho kanga, mpaka ku Chinsapo. Anawapatsa mayi a Dalitso nyemba zodzadza manja awiri, n'kuwaonetsa podzala ndi mmene angaziyangitsire. Amayi ena a m'magulu muja anayamba kufunsa kuti nyemba zake n'zotani zimene zayendetsa mdala tauni yonse, ndipo a Nyagondwe, amene sankapatsa munthu njere imodzi, anamanga timapukusi ting'onoting'ono mpaka iwo anatsala ndi zochepa kuposa onse. Ine ndi amene ndinkatumidwa kukapereka, ndipo sindinadandaule. Mvula itagwa zithunzi zinayamba kufika, za ku Biwi, za ku Area 23, za ku Mgona, nyemba zikuyanga pa mipanda ya anthu osawadziwa. Ankandilanda foni n'kumazikulitsa ndi zala ziwiri, kuona ngati masamba ali athanzi, n'kumatumiza malangizo ngati mlangizi wa zaulimi.

Anakololanso kawiri, kenako anadwala, ndipo zotsatira zake mukuzidziwa, munalipo. Chaka chimenecho ndinadzala ndekha kuseriko iwo ali chigonere, ndipo anatisiya nyemba zisanakhwime. Zinabereka bwino ndithu. Ndinasankha za mbewu, ndinasefa phulusa, ndinatsekera m'botolo monga ndinkawaonera. Koma ndinafulumira, sizinali zitaumitsitsa. Nditatsegula mu Okutobala ndinapeza zachita nkhungu, zonse, zanunkha. Ndinakazikwirira kuseri ndipo sindinauze munthu, ngakhale a Tiwonge. Kutumizanso uthenga m'gulu ndinalephera. Munthu angapemphe bwanji tauni yonse kawiri pa mlandu umodzi? Ku bawo ndinasiya kupita. Ndinkangokhala pano kuyang'ana mitambo ikusonkhana, ndikudziwa kuti ndatayanso nchunga zawo, ndipo ulendo uno palibe woti andikhululukire.

Loweruka lina m'mawa ndinamva odi pageti. Anali mayi a Dalitso, atanyamula botolo la thobwa lotuwa m'kati, lodzadza mpaka pakhosi. Ndinawafunsa kuti wawauza ndani. Anati palibe amene wawauza, anangotumidwa. Anatulutsa foni, nawonso tsopano anali ndi ya tachi, anafufuzafufuza, n'kuiika m'manja mwanga. Ndinamva kutsokomola, kenako mawu a agogo anu, ofooka koma ake omwewo, ndi Chichewa chawo chija chimene sichinawongoke mpaka mapeto.

"Mayi a Dalitso, ine thupi silikundilola. Ndikapita, chaka chilichonse mvula isanagwe muziwapititsira nchunga bambo a Tiwonge. Musadikire kuti apemphe, sangapemphe. Ndi munthu wabwino, koma manja awo ndi a malata, adzaziwononga ndithu. Muziwapatsabe."

Pamapeto pake anaseka pang'ono, uthenga n'kutha. Anaujambula ali m'chipinda umo, ine ndili pakhonde pano osadziwa kanthu. Ndinapempha mayi a Dalitso kuti aubwereze, ndipo anaubwereza kanayi osatopa, ataima pageti ndi botolo m'manja. Kenako anandifunsa kumene ndimasunga khasu, ndipo tinapita kuseri kukagaula.